Mangawa a Mwini Nthano kwa Wobwera Mocedwa

Pa mudzi, ana akasonkhana pamoto madzulo kuti amve nthano, sipalephera kukhala mmodzi wobwera mocedwa. Kapena anatumidwa kukatseka khola la mbuzi, kapena ndi mwana wa alendo amene afika tsiku lomwelo. Iye apeza kalulu ali kale m'dzenje, njobvu iri kupsa mtima, ndipo sadziwa cimene cinayambitsa mkanganowo. Komatu mwana wotere sakhala kunja nthawi yaitali ai. Mnzace amnong'oneza mau awiri atatu, agogo osimbawo abwereza pang'ono monga ngati aiwala pamene anali, nyimbo ya m'nthanomo ibweranso, ndipo posacedwa mlendo uja ali kubvomera "tiri tonse" pamodzi ndi anzace. Palibe lamulo lolembedwa lonena kuti zizicitika cotero, koma pa midzi yonse zicitika.

Kodi cimene acita agogowo ndi cifundo cabe, cimene angacite kapena kuleka monga afunira, kapena ndi mangawa amene wosimba ali yense ali nao kwa womvera? Funsoli ndi lakale, koma labvala zobvala zatsopano, pakuti nthano zambiri zimene anyamata ndi atsikana akomana nazo masiku ano sizicokeranso pakamwa pa agogo. Zina zicokera m'mabuku a zithunzi amene ana awacha makomiki, makamaka aja osimba za ngwazi za mphamvu zodabwitsa, zouluka m'mlengalenga ndi kunyamula galimoto ndi manja. Ndipo palibe anthu oyenera kuliganizira funsoli koposa owerenga Cinyanja a m'mizinda ya migodi ya mkuwa, ku Ndola ndi ku Kitwe. Makolo a ambiri a iwo anacokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Nyasaland, nafika kumene anthu alankhula Cibemba m'misika ndi Cingerezi m'maofesi. Iwo adziwa bwino lomwe kuwawa kwace kwa kukhala pakati pa anthu oseka nkhani imene munthu sanaimve ciyambi cace.

Wowerenga ayerekeze mnyamata wa ku Northrise, m'mzinda wa Ndola, amene wangosiya sukulu. Cingerezi acidziwa pang'ono, cokwanira kuwerenga kalata koma cosakwanira kumaliza buku lalikulu. Tsiku lina apeza komiki imodzi yakale pakati pa mabuku ogulitsidwa m'mbali mwa mseu, napereka tindalama tace, cifukwa zithunzi zamkopa, ndiponso aganiza kuti buku la zithunzi silingamkanike. Pa cikuto apeza nambala ya mazana angapo. Pa tsamba loyamba ngwazi iri kale pakati pa nkhondo ndi mdani amene mbiri yace siifotokozedwa, pakuti olemba ayesa kuti onse amdziwa. Mkazi wina ali kulira cifukwa ca cinthu cimene cinacitika m'buku lina, ndipo pansi pa cithunzico pali timau ting'onoting'ono touza wowerenga kuti akafune bukulo. Pofika pa tsamba lotsiriza nkhondo siinathe. Idzapitirira mwezi wamawa, m'buku limene mnyamatayo sadzaliona konse.

Ndalama zotayikazo ndi nkhani yaing'ono. Coipa cacikuru ndico cimene mnyamatayo aganiza pambuyo pace, pakuti iye sanena kuti bukulo linalembedwa moipa, koma kuti mutu wace ndiwo wouma. Munthu wosiya sukulu ali kale ndi cikaiko mumtima cakuti mabuku ndi a anthu ena, ndipo ngati limkana ngakhale buku la zithunzi, limene aliyesa la ana, cikaiko cija cisanduka citsimikizo. Munthu angathe kuleka kuwerenga moyo wace wonse pa cifukwa cacing'ono cotere, anthu namuyesa waulesi.

Pa ciyambi khomo silinali lopapatiza cotero. Superman, amene ndiye kholo la ngwazi za mtundu uwu, anaoneka koyamba ku America m'caka ca 1938, m'buku lochedwa Action Comics, limene mtengo wace unali masenti 10. Anampanga anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel wolemba mau ndi Joe Shuster wolemba zithunzi, onse awiri ana a Ayuda osamuka kucokera ku Europe, ndipo anamgulitsa kwa eni kampani ndi madola 130 okha. Mbiri yonse ya kumene ngwaziyo inacokera ndi umo inapezera mphamvu zace inakwana pa tsamba limodzi, ndipo nkhani zambiri za zaka zoyambazo zinali kutha m'buku lomwelo.

Imodzi ya izo, ya m'buku lacitatu la caka comweco, iyenera kukumbukidwa ku dziko la migodi. Mgodi wa malasha ugumuka, nupsinja munthu wanchito. Superman, atadzibisa m'zobvala za mgodi, atsikira pansi namturutsa, ndipo aona kuti zipangizo zocinjiriza anthu zinacita dzimbiri kalekale. Mwini mgodi akana kuthandiza wopundukayo, nakananso kukonza mgodiwo. Tsono usiku wina mwini mgodiyo, ali pa phwando ndi alendo ace olemera, aganiza zokamalizira masewera ao pansi pa nthaka, ndipo ngwazi ija igwetsa denga dala kuti iwatsekere m'menemo. Olemerawo ayesa belu loitanira cithandizo, koma silirira; agwira mapiki kuti akumbe, koma manja ao salimba. Mwini mgodi atalawa mantha amene anchito ace alawa tsiku ndi tsiku, ndi pamene ngwaziyo itsegula njira. Nkhani iyi siifuna womasulira kwa mwana wa ku Mufulira, kumene pa 25 September 1970 matope anagumukira m'mgodi ndi kupha amuna 89. Iye angaiyambe lero osadziwa kanthu za Superman, naimva yonse mpaka m'mafupa.

Nanga khomolo linacepa bwanji? Coyamba, ngwazi yogulitsa bwino siiloledwa kukalamba kapena kufa, pakuti eni ace afuna ndalama za mwezi wamawa. Superman anaphedwa m'caka ca 1992, anthu nagula bukulo mwaunyinji, koma m'caka ca 1993 anali wamoyo ndithu. Cotero nkhani iri yonse yatsopano iunjikidwa pamwamba pa zakale, monga phulusa pa dzala, ndipo m'caka ca 2018 Action Comics inafika pa nambala 1000. Caciwiri, kuyambira zaka za m'ma 1970, makamakanso za m'ma 1980, makomiki a ku America anacoka pang'onopang'ono pa malo ogulitsira nyuzipepala, pamene mwana ali yense wodutsa akanatha kuwaona, nalowa m'masitolo ogulitsa makomiki okhaokha, m'mene mulowa anthu owakonda kale. Wolemba akadziwa kuti owerenga ace onse ndi akale, aleka kufotokoza. Ndipo eni makampani anaona kuti nkhani imodzi ikamwazidwa m'mabuku ambiri a ngwazi zosiyanasiyana, wofuna kuitsata ayenera kugula onsewo. Palibe anakhala pansi ndi kupangana kuti atsekere kunja mnyamata wa ku Ndola. Iwo sanamganizire konse, ndipo kusaganizira kumeneko ndiko kunatseka khomo.

Owerenga akale ali ndi mau ao pa mlanduwu, ndipo mauwo si opepuka. Iwo ati kukoma kwa nkhani yaitali kuli m'kutalika komweko. Munthu amene wayenda ndi ngwazi imodzi zaka 20 aidziwa monga adziwira mbale wace, ndipo liu limodzi lochula imfa ya kale limgwetsa misozi imene watsopano sangaimvetse. Ngati nkhani iri yonse iyenera kubwerera ku ciyambi cifukwa ca mlendo, ndiye kuti siidzakula konse, ndipo onse adzadya phala la khanda masiku onse. Anenanso kuti mlendo nayenso ali ndi gawo lace, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Afunse, adikire, aphunzire monga anaphunzirira anzace.

Eni makampani ayesa kuthetsa mkanganowu ndi njira ya nkhwangwa. M'zaka za 1985 ndi 1986 kampani ya DC Comics inaturutsa nkhani ya mabuku 12 yoononga maiko ambiri a ngwazi zace, kuti mbiri yao iyambenso mwaudongo. M'caka ca 2011 inateronso, niyamba mabuku 52 onse pa nambala 1, ndi Action Comics yomwe, imene inali itafika pa 904. Koma uku kunali ngati kutentha mudzi kuti mlendo asasokere m'njira zace. Akale anakwiya, mbiri yatsopano nayo inayamba kuunjikana, ndipo m'caka ca 2016 anabwezera nambala zakale, Action Comics niyambiranso pa 957. Kulemba nambala 1 pa cikuto sikupindula kanthu ngati za m'katimo zilankhulabe ndi odziwa okha.

Acewa ali ndi cinthu cina cimene cionetsa kuti akale ndi atsopano angathe kukhuta m'mbale imodzi. Ku dambwe kuli zinsinsi zimene azidziwa okhawo amene anagula njira, ndipo wosameta sayenera kuzifunsa. Koma gule akaturukira pa bwalo, akazi aomba m'manja ndi kuyimba, ana athawa nabweranso, ngakhale wapaulendo aima ndi kupenya. Wapaulendoyo sadziwa za ku dambwe, koma aona yekha kuti cirombo ici ncoopsa, ico ncoseketsa, cinaco ciri kunyoza munthu wonyada. Wometa aona zambiri koposa iye, inde. Koma zimene aona mlendoyo nzathunthu, ziri ndi mutu ndi mcira womwe. Komiki yolembedwa bwino itero. Isunga tinthu tobisika tokondweretsa wakale, koma nkhondo ya m'buku limenelo, cifukwa cace ndi mathero ace, ziri pa bwalo poonekera kwa onse.

Tsono pali cifukwa cina capadera cimene mangawa awa alemerera olemba za ngwazi koposa olemba ena. Nkhani zonse za mtundu uwu ziphunzitsa cinthu cimodzi, cakuti wamphamvu ayenera kutumikira wopanda mphamvu ngakhale sanamlembe nchito. Nkhani yoyamba ya Spider-Man, imene Stan Lee ndi Steve Ditko anaturutsa m'caka ca 1962, inanena zimenezi m'masamba 11 okha: mnyamata wolandira mphamvu alekerera mbala kudutsa pamaso pace, nati si nchito yace kuigwira, ndipo mbala yomweyo ipha munthu amene anamlera. Koma pakati pa wolemba ndi wowerenga watsopano, wamphamvu ndani? Ndiye wolembayo, pakuti adziwa mbiri yonse, ndipo kupereka mau awiri ofotokoza sikumtengera kanthu. Buku losimba za ngwazi yoweramira pansi kudzutsa wofooka, koma lokana kuweramira wowerenga wace wofooka, lidzitsutsa lokha.

Mangawawa sali pa wolemba mau yekha. Wolemba zithunzi ali nao ace, ndipo anthu ambiri awaiwala, poyesa kuti cithunzi cilankhula cokha kwa munthu ali yense. Kunena zoona, tsamba la komiki liri ndi malamulo ace monga cinenero ciri conse. Mizere itatu kumbuyo kwa munthu itanthauza kuti ali kuthamanga. Kathumba kosongokera kukamwa kasenza mau olankhulidwa, koma kooneka ngati mtambo kasenza maganizo osachulidwa. Tinyenyezi tozungulira mutu tinena kuti munthuyo wamenyedwa nacita cizungulire. Ndipo munthu wooneka kanai pa tsamba limodzi sali anthu anai, koma mmodzi pa nthawi zinai. Palibe mwana wobadwa ali kudziwa izi, ngakhale ku New York.

Pa nkhani iyi anthu a mu Africa ananamiziridwa kwa zaka zambiri. M'caka ca 1960 William Hudson anafalitsa zimene anapeza ku South Africa poonetsa anthu, ena a iwo anchito a m'migodi, cithunzi ca mlenje wogwira mkondo, nswala iri patsogolo pace, ndi njobvu yolembedwa yaing'ono pa phiri pakati pa awiriwo. Wolemba cithunzico anaicepetsa njobvu kuti ioneke ngati iri kutali, koma ambiri osapita ku sukulu, pofunsidwa nyama imene mlenje afuna kulasa, anati ndi njobvuyo, pakuti pa pepala ndiyo inali pafupi ndi mkondo. Ena pomva izi anafulumira kunena kuti maso a Aafrika ali ndi cirema. Koma Robert Serpell, wa pa Yunivesite ya Zambia, anafalitsa m'caka ca 1979 zimene anaona poyesa ana a ku Zambia ndi ana a ku England kuti atsanzire maonekedwe a zinthu. Pogwira pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Pogwira waya, a ku Zambia anapambana, pakuti ndiwo ana opinda galimoto za waya kuyambira ali aang'ono. Pogwira dongo, onse analingana. Cosiyana cinali cizolowezi cokha, ndipo cizolowezi ciphunzitsidwa.

Munthu wina wa ku Norway, Andreas Fuglesang, amene anagwira nchito ku Lusaka m'bungwe la Boma loona za cakudya, anayesa mitundu yosiyana ya zithunzi pa anthu osazolowera mabuku, napeza kuti cimene anthu anacizindikira msanga ndi cithunzi cojambula ndi kamera cimene zakumbuyo zosafunika zafafanizidwa, cinthu cenicenico nicitsala poyera. Olemba zithunzi za ngwazi akanapindula pomva zimenezi. Ambiri a iwo akonda kudzaza tsamba ndi moto, utsi, minofu yotupa ndi timabokosi topendekeka tokwerana, mpaka diso silidziwa poyambira. Luso lotere lidabwitsa anzao a nchito, koma mlendo limsokeretsa. Waluso weniweni atsogolera diso monga mbusa atsogolera ng'ombe pa mlatho wopapatiza: dzanja la munthu m'kabokosi koyamba liloza kumene kaciwiri kali, ndipo nkhope ya ngwazi siisintha kucokera pa tsamba lina kufika pa lina.

Komabe kulandira mlendo sikutanthauza kumtafunira cakudya. Pakati pa kabokosi ndi kanzace pali mpata woyera wopanda kanthu, ndipo Scott McCloud, m'buku lace la 1993 lofotokoza za makomiki, anaonetsa kuti nchito yaikuru icitikira m'mpata umenewo. M'kabokosi koyamba mnyamata ali kukwera mu mtengo wa mango. M'kaciwiri ali pansi, wagwira mwendo, nthambi yothyoka iri pambali pace. Kugwako palibe anakulemba. Wowerenga ndiye wamgwetsa mnyamatayo m'mutu mwace, ndiye wamvanso kuthyoka kwa nthambi. Mpata uwu ndiwo "tiri tonse" wa m'komiki. Ukakula kopambana, kotero kuti kuudumpha kufuna mabuku 50 akale, mlendo agweramo. Koma ukatsekedwa konse, wowerenga asanduka mtsuko wongothiramo madzi.

Ndipo anthu a ku migodi anaonetsa kale kuti mlendo wopatsidwa pogwira pang'ono pokha adzikwezera yekha. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954 kuphunzira za moyo wa anthu a pa mgodi wa Roan Antelope, analemba za kanema woonetsedwa panja m'komboni. Mafilimu okondedwa koposa anali a makauboyi a ku America. Mau ace anali a Cingerezi cimene ambiri sanali kucimva, phokoso la khamu linali kuwamiza, ndiponso akuluakulu a Boma la atsamunda anali kudula mbali zina za mafilimu zimene anaziyesa zosayenera Aafrika. Koma anthu sanakhale cete. Ngwazi ya m'mafilimuwo, kaya dzina lace linali lotani, anaicha Jack. Pa nthawi ya nkhonya amuna anali kuimirira ndi kupfuula kumlimbikitsa, ndipo ana m'makomboni anali kusewera ndi mfuti zosema za mitengo. Anthuwa analandira nkhani yodulidwadulidwa ya m'cinenero ca eni, naidzaza okha mipata yace, cifukwa cinthu cimodzi cinali coonekera poyera: uyu ndiye womenyera wozunzidwa, uyo ndiye wozunza.

Koma apa pali msampha, ndipo munthu wofulumira kutama buku liri lonse losabvuta kuwerenga angagweremo. M'caka ca 1975 ku South Africa kunaturuka komiki yochedwa Mighty Man, yolembedwera anthu akuda a m'makomboni monga Soweto. Ngwazi yace inali munthu wakuda, wapolisi dzina lace Danny Ndhlomo, amene anabvulazidwa ndi zigawenga nalandira mphamvu zodabwitsa. Zithunzi zinali zooneka bwino, Cingerezi cinali cosabvuta, ndipo wowerenga watsopano sanafune womtsogolera. Pa zonse zimene zanenedwa pamwambapa za khomo lotseguka, komikiyo inakhoza. Koma Mighty Man anali kumenya atsotsi ndi ogulitsa camba okha, nalalikira kuti anthu amvere lamulo. Za malamulo a zitupa, za anthu osamutsidwa mokakamiza m'nyumba zao, za tsankho lonse lija, ngwazi yamphamvuyo siinaone kanthu. Ana a sukulu a ku Soweto ataukira Boma pa 16 June 1976, malo ena ogulitsirako makomikiwo anatenthedwa, ndipo posacedwa analeka kusindikizidwa. Pambuyo pace, m'caka ca 1978, pamene zinsinsi za dipatimenti ya Boma yofalitsa nkhani, ya Connie Mulder ndi Eschel Rhoodie, zinayamba kuululika, kunadziwika kuti ndalama za makomikiwo zinali kucokera kumeneko mobisa.

Msodzi nayenso asamala kuti nyambo ikhale yosabvuta kumeza. Cotero kufewa kwa nkhani pakokha sikuonetsa ngati mwini wace ndi wolandira alendo kapena wochera msampha. Onse awiri asesa pakhomo ndi kuyala mphasa. Kusiyana kwao kuoneka pamene mlendo alowa ndi zimene adziwa kale. Mwana wa ku Mufulira angalowe m'nkhani ya mgodi wa malasha ija ndi mantha onse a atate wace, ndipo nkhaniyo iwabvomereza kuti ngoona. Mwana wa ku Soweto, kuti akondwere ndi Mighty Man, anayenera kusiya pakhomo zimene maso ace anaona m'mawa womwewo, pamene apolisi anali kufunsa citupa kwa atate wace. Olemba Mighty Man anamganizira mlendo kwambiri ndithu, koposa umo eni makomiki a ku America amganizira mnyamata wa ku Northrise, koma anamganizira monga mlenje aganizira nyama. Ndipo pa ocimwa awiriwa, woiwala mlendo ndi womnyenga, waciwiriyo ndiye woipa koposa, ngakhale nyumba yace ndiyo yokoma kulowamo.

Zambia siinasowe anthu oyesa kutsegula khomo moona mtima. Ku Mindolo, m'mzinda wa Kitwe, Africa Literature Centre inayamba m'caka ca 1959 kuphunzitsa olemba nkhani, ndipo inaphunzitsanso olemba zithunzi ocokera ku maiko ambiri a mu Africa. M'caka ca 1971 kunayamba magazini ya ana a sukulu yochedwa Orbit, imene inali ndi nkhani za zithunzi zosimba za anthu a dziko lomwelino. Ndipo mu July 2023 kampani ya Netflix inaturutsa Supa Team 4, kanema wa zithunzi zoyenda amene anamganiza ndi mai wa ku Zambia, Malenga Mulendema: atsikana anai a sukulu asanduka ngwazi mu Lusaka wa m'tsogolo, motsogozedwa ndi mai wacikulire amene kale anali kazitape, ndipo nyimbo yoyambira anaiyimba Sampa the Great, wobadwira ku Ndola. Mtsikana wa ku Northrise poona izi safunsa ngati ngwazi ingakhale ndi nkhope yonga yace, ndiponso safuna mabuku a zaka 80 kuti ayambe. Koma makomo ndi ambiri, lina kumbuyo kwa linzace. Kanemayo poturuka anali m'Cingerezi ndi m'Cizulu, ndipo kumuonera kufuna intaneti ndi ndalama za mwezi ndi mwezi, zimene wosiya sukulu wopanda nchito sazipeza msanga.

Khomo la cinenero ndilo limene owerenga Cinyanja angathe kulitsegula okha, ndipo pali cinthu cimodzi cimene ali naco coposa eni makomiki. Komiki iyenda ndi timau tomveketsa phokoso, tolembedwa ndi zilembo zazikuru pakati pa cithunzi, ndipo Cingerezi ciri nato towerengeka, ta nkhonya ndi mfuti makamaka. Cinyanja cadzala nato, ndiponso ticula zambiri zoposa phokoso. Cinthu colemera cikagwa pansi citi khu, cikagwera m'madzi citi phava. Munthu woonekera modzidzimutsa ati balamanthu, wotha osasiya kanthu ati psiti. Zinthu zomwazikana ziti mbwee, usiku wamdima uti bii, cofiira citi psuu, ndipo woima osagwedezeka ati nji. Agogo osimba nthano akhala akulemba zithunzi ndi timauti kuyambira kale, ndipo mwana wobwera mocedwa atimva asanadziwe ndi dzina lomwe la mwini nkhani. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Ndola amene adzakhala pansi ndi pensulo kulemba ngwazi yotsikira mu mgodi wogumuka, m'Cinyanja, adzakomana ndi bvuto limene Joe Shuster sanakomane nalo: m'kabokosi kamene miyala yaleka kugwa ndipo amuna ali kuchera khutu mu mdima, adzafunika kusankha kukula kwa zilembo zolembera liu lakuti zii.